Denga Loyembekeza Chipale

Tinatsika minibasi pa msewu wa ku Mfuwe,
ine ndi azakhali Zelipa,
fumbi la Okutobala likutilondola ngati tili nalo ngongole.
Pageti anatilipiritsa makwacha makumi atatu aliyense.
Azakhali, pomasula mfundo ya chitenje, anati:
"Kale ankandilipira ine kuti ndilowe muno."

Nyumbayo inaima kumapeto kwa mzere wa majakaranda,
yotuwa, yaitali khosi,
denga lotsetsereka ngati phiri la Kanjala,
timazenera tikusuzumira pakati pa matailosi.
Wotionetsa malo, Lakisoni, mnyamata wa malaya osita bwino,
anati mwini wake, mzungu wa fodya,
anaiona ku Falansa asanakwatire
nabwera nayo m'thumba, yojambulidwa papepala.
Denga lotere, akuti, n'loti chipale chisakhazikikepo.
Tinakweza maso.
Kumwamba kunali mbee, khwangwala mmodzi yekha.
Zaka zonsezi denga likudikirabe.

Tinalowera khomo lakutsogolo.
Azakhali anazengereza pang'ono,
navula mapatapata popanda wowauza.

M'kati, makwerero opindika ngati nyanga ya nkhosa,
kalilole wotalika kuposa munthu,
piyano yogweluka mano,
malo osonkhapo moto anayi
m'dziko limene dzuwa silipempha nkhuni.
"Apa ankavinirapo alendo," anatero Lakisoni.
"Apa ndinkagwadapo ine," anatero azakhali,
"ndi kandulo wosungunulira mu palafini,
kupukuta mpaka dona adzionere nkhope pansi.
Thabwa lachitatu kuchokera pazenera limalira. Tapondapo."
Mnyamata anaponda.
Linalira.
Anatseka kabuku kake, nakaika m'thumba.

Kumunda wa maluwa, mipanda yobiriwira anaimeta ndi lula,
makona, makona okhaokha,
njira zonse zowongoka,
palibe yokhota ngati ya kudimba
imene imapatukira chulu ndi kupatsa moni mtengo.
Pakati, kasupe wa simenti wouma kukhosi,
kamwana ka mwala kopanda mphuno
katasenza mtsuko wodzaza masamba,
abuluzi akuothera dzuwa pamimba pake.
Akwati ochokera ku Kapata ankajambulitsa pomwepo,
wojambula akukuwa: "Mwetulirani ngati ndi kwanu!"

Azakhali sanawayang'ane n'komwe marozi.
Anazungulira kuseri kwa khichini,
kumene udzu saumweta,
nagwira khoma chakumunsi, pamene laimu wakanganuka.
"Bwera, Tikambenji. Ika dzanja apa."
Panjerwa panali timaenje tinayi
ndi kamodzi kapambali.
"Njerwazi anaumbira kudambo uko.
Agogo ako, a Gidiyoni Miti, anali m'gulumo,
mwezi ukatha, mchere ndi timasheleni.
Sindikuti dzanjali ndi lawo.
Sindikutinso si lawo."
Zala zanga zinalowa zonse,
mpata n'kutsalako.

Ndinafuna kufunsa ngati iwo ankadziwa
kuti akuumba Falansa ndi dothi la kwathu,
koma azakhali anali atawerama kale m'bedi lothirira,
akuthyola bonongwe womera yekha
pakati pa maluwa a mayina ovuta.
Lakisoni anatsegula pakamwa,
nayang'ana chikwangwani choletsa kuthyola chilichonse,
nayang'ananso msana wokhota uja,
n'kupita kukawatengera pulasitiki.

Mitambo inali itasonkhana ife osadziwa.
Chizimalupsa chinatipeza tikutuluka pageti.
Ndinacheuka.
Madzi ankatsika padenga lija ndi liwiro la mwana wotumidwa,
kugwera m'ngalande,
kudutsa pansi pa mipanda yometa ija
mpaka kudambo.

Azakhali sanacheuke.
Anafunda chitenje kumutu,
akuwerenga ndalama ya minibasi,
akung'ung'udza kuti bonongwe wa masiku ano
ndi wochepa masamba.